Kabokosi Kanafa Lachisanu

"Mpira ukangofika pokoma, kamaima," anatero Henderson akuika kabokosi kakuda patebulo la Sumaiya. "Wosewera akakweza mwendo kuti amenye, mwendowo umakhala m'mwamba mpaka anthu kuyamba kunditukwana. Pomwe kazidzayambanso, chigoli chalowa kalekale."

Henderson anali ndi vidiyo sho kuseri kwa chigayo pa Nsaru, ndipo kabokosiko ndi kamene kankakoka mpira pa intaneti n'kuuonetsa pa TV yake. Mawa lake, Loweruka, kunali mpira waukulu nthawi ya 3 koloko masana. Anzake a m'tauni anali atamuuza kuti timabokosi totere amatifulasha, ndiye kuti kufufuta pulogalamu yomwe tinabwera nayo n'kuikamo ina yopepuka, yokonzedwa ndi akatswiri a pa intaneti.

"Ndingakafulashe," anayankha Sumaiya. "Koma mudziwe kuti ntchitoyi ikayamba siifuna kudukizidwa. Magetsi akathima pakati, kabokosi kamafa."

"Magetsi lero ndi athu, achemwali. Ingopangani zoti mawa anthu aone mpira."

Tebulo la Sumaiya linali pakona m'shopu ya bambo ake, Che Ismail, pakati pa matumba a mchere ndi zigubu za mafuta ophikira. Anaphunzira kukonza mafoni m'tauni kwa chaka chathunthu, koma atabwerera, bambo akewo sanafune n'komwe kumva za ntchitoyo. Iwo ankafuna mwana woyeza shuga kuseri kwa kauntala. Atawachonderera kwa mwezi, anavomera ndi mawu amodzi: tsiku limene munthu adzadandaule m'shopu mwawo chifukwa cha ntchito yake, tebulolo lidzatuluka. Miyezi inayi inali itadutsa popanda wodandaula, ndipo Sumaiya ankalisamala tebulolo ngati dzira.

Pulogalamu yatsopanoyo anayamba kuikoka pa intaneti 9 koloko. Netiweki ya pa Nsaru tsiku limenelo inali ya ulesi wosaneneka. Bandulo yoyamba inatha, anagula ina. Henderson anasuzumira katatu, ulendo uliwonse n'kufunsa funso lomwelo, ngati kuti kufunsako kukankha netiweki. Pulogalamuyo inamaliza kulowa mu laputopu 12 koloko itadutsa.

Apa m'pamene Sumaiya akanadikira. Linali Lachisanu, ndipo Lachisanu lililonse shopu inkatsekedwa masana kuti banja lonse lipite kumzikiti kukaswali. Koma Henderson anali ataima pakhomo kachinayi, manja m'chiuno.

"Kodi simunayambe mpaka pano? Ndikanapita nako m'tauni, bwenzi ndabwerako."

Mawu amenewo anamuwawa Sumaiya. Analumikiza kabokosi ku laputopu ndi chingwe, n'kulowetsa kamtengo ka machesi m'kabowo ka kumbuyo kuti adine batani lobisika mkatimo. Laputopu inalira, ndipo mzere wobiriwira unayamba kuyenda. Laputopuyo inali yakale, batire yake inafa kalekale, moti inkayaka pokhapokha ili pamagetsi.

Azana yoitanira anthu kumapemphero itamveka kumzikiti, mzerewo unali pa 38 peresenti.

Che Ismail anali ndi mwambo wawo. Zaka khumi ndi ziwiri zapitazo shopu yawo yoyamba ku Kabudula inapsa yonse iwo ali kumzikiti, chifukwa cha waya wina amene anatentha mkati. Kuyambira tsiku limenelo sankakhoma chitseko asanatsitse switchi yaikulu imene inali kuseri kwa chitsekocho. Furiji, mababu, wailesi, zonse zinkathima. Ngakhale akupita kukamwa tiyi pafupi pomwepo, dzanja linkayamba lapita kuswitchi.

Sumaiya anafika pakauntala n'kutsitsa mawu.

"Ababa, ndikupempha. Lero lokha musathimitse magetsi. Kabokosi ka a Henderson kali pakati pa ntchito. Mukathimitsa, kafa."

"Ndamva," anatero Che Ismail akuvala chisoti chawo.

"Mphindi makumi awiri zokha, Ababa, kenako kamaliza kokha."

"Ndati ndamva. Kodi ndine gonthi? Tsogola, tichedwa."

Sumaiya anafunda mpango n'kutuluka. Bambo ake anatsalira ndi makiyi monga mwa masiku onse.

Pobwera kumzikiti anayenda limodzi. Che Ismail anatsegula loko, n'kukankha chitseko. M'shopu munali mdima ndi chete. Dzanja lawo linapita lokha kuseri kwa chitseko n'kukweza switchi. Babu linayaka, furiji inayamba kung'ung'udza. Koma dzanjalo silinatsike msanga. Linakhala pomwepo pa switchi, ndipo Sumaiya, ali pakhomo, analiona.

Che Ismail anatsokomola, n'kupita kukauntala, n'kuyamba kusanja sopo amene anali wosanjika kale.

Sumaiya anayatsa laputopu. Analumikiza kabokosi ku TV yaing'ono ya patebulo. Palibe chinaoneka, ngakhale kanyali kofiira ka kutsogolo. Anadina batani ndi kamtengo ka machesi mpaka kamtengoko kanathyokera m'kati. Anakatokosa ndi singano, n'kuyesanso. Anasintha chingwe. Laputopu sinkakaona n'komwe kabokosiko, ngati kuti palibe chimene chalumikizidwa.

Henderson anafika 2 koloko, nthawi imene m'shopu munali anthu asanu ndi mmodzi. Anayang'ana TV yakudayo, kenako Sumaiya.

"Kamaliza eti?"

"Kadukira pakati. Ndipatseni mpaka mawa masana, ndikadzutsa."

"Kadukira bwanji? Magetsi sanathime lero. Chigayo chakhala chikulira tsiku lonse."

Sumaiya anayang'ana kukauntala. Bambo ake ankamangira mayi wina mchere.

"Ndabweretsa kabokosi kodwala, mwandiphera," anatero Henderson, mawu akukwera kuti aliyense amve. "Kamaima, inde, koma kankayaka. Mawa anthu akabwera ndiwaonetsa chiyani? Nkhope yangayi? Che Ismail, inu ndi munthu wolemekezeka pano. Mumalola bwanji kuti m'shopu mwanu anthu aziphunzirira ntchito pa katundu wa eni?"

Inali nthawi yoti Che Ismail anene mawu atatu okha: ndinathimitsa magetsi ndine. Anamaliza kumanga mchere uja, anapukuta manja pa malaya, n'kutembenuka.

"Pepani, a Henderson. Ndi mwana uyu. Dzanja silinakhwime. Mupatseni mpaka mawa monga wanenera."

Sumaiya anayang'ana kuseri kwa chitseko. Akanatha kuloza switchi ija. Koma mwana wamkazi angaimirire pamaso pa makasitomala n'kunena kuti bambo ake akunama? Anthu akanaiwala za kabokosi n'kuyamba kukamba za mwana wamwano wa Che Ismail. Anameza mawuwo.

Henderson atatuluka, mayi uja wa mchere, Dorika, anasendera patebulo. Anali atasiya foni yake m'mawa kuti aisinthe galasi.

"Ingondipatsani kaye foni ija, achemwali. Ndakumbukira kuti ndikudikira uthenga."

Sumaiya anaipereka. Foniyo inali yothima ndiponso yosweka, siikanatha kulandira uthenga wa wina aliyense.

Dzuwa litapendeka anawoloka msewu kupita kwa Loyce, telala amene ankasoka pakhonde la nyumba yake moyang'anana ndi shopu. Anali mnzake kuyambira kupulaimale. Anamufotokozera zonse, misozi ya mkwiyo ikutsika.

"Ndiye nkhuyu zadya akulu, zapota mwana," anatero Loyce osaleka kupalasa makina. "Mwambi uja lero wayenda chafutambuyo."

"Usandiseke, Loyce. Kuthimitsako sindikuwada nako. Dzanja linazolowera. Koma kunena kuti dzanja langa silinakhwime, akudziwa bwinobwino chimene chachitika?"

"Wamkulu sapepesa, mnzanga. Amangokugulira nsalu."

"Sindikufuna nsalu. Ndikufuna dzina langa. Pofika mawa Nsaru yense akhala atamva kuti ndimapha katundu wa anthu."

Loyce anaimitsa makina n'kuloza mbali ina ya khonde, pomwe panali mpando wothyoka ndi mtanga wa zigamba.

"Malo ndi awo. Soketi ili apo. Ine magetsi sindithimitsa, ndimachita kuiwala n'kuyatsa ayironi usiku wonse."

Sumaiya anaseka pang'ono.

Loweruka m'mawa anamasula kabokosi kaja. Panatsala njira imodzi imene anaionapo kamodzi kokha kwa mphunzitsi wake m'tauni: kugunditsa timiyendo tiwiri ta kachipu ka mkati ndi kachitsulo pa nthawi yomweyo imene ukulumikiza chingwe, kuti laputopu ikaone. Timiyendoto tinali tating'ono ngati tsitsi, ndipo ukagunditsa tolakwika ndiye kuti wakatentheratu. Anayesa koyamba, zii. Kachiwiri, zii. Makasitomala ankalowa ndi kutuluka, ena n'kumasuzumira patebulo ndi maso a anthu amene amva kale nkhani. Bambo ake anamuitana kawiri kuti adzathandize kuyeza ufa, ndipo kawiri konseko anadzuka, kuyeza, n'kubwerera kukayambiranso.

Ulendo wa khumi ndi chimodzi, laputopu inalira. Mzere wobiriwira unayamba kuyenda. Sumaiya anakhala chilili pafupi ndi soketi, osalola munthu kudutsa pomwepo, mpaka unafika 100. Kabokosi kanayaka, ndipo zithunzi zinkayenda bwino kuposa tsiku limene kanagulidwa.

Henderson anabwera 1 koloko nkhope ili gwa, koma ataona TV anamasuka. Anasintha matchanelo, kubwerera, kusinthanso. Palibe pamene kanaima.

"Eee, kadzukadi," anatero. Kenako anatembenukira kukauntala akuseka. "Mwagwira ntchito, Che Ismail. Zikuoneka kuti dzulo munamukalipira bwino. Ana a masiku ano amafuna kuwatsina khutu kuti aike mtima pa ntchito."

Sumaiya anasiya kukulunga chingwe. M'shopu munalibe kasitomala wina, anali atatu okha. Panalibe gulu loti Che Ismail achite nalo manyazi. Anawayang'ana bambo ake m'maso, ndipo iwo anayang'ana sikelo.

"Tiyamike Mulungu kuti zatheka," anatero Che Ismail.

Henderson ananyamula kabokosi kake n'kumapita akuimba mluzu, kukauza anthu a ku vidiyo sho nkhani imene ankaidziwa iye.

Sumaiya anayamba kulongedza. Masikuludiraiva, timawaya, nyali yake yowunikira, zonse anaika m'katoni ya sopo. Anazula laputopu n'kuikulunga ndi chitenje. Bambo ake ankamuyang'ana chamseri.

"Ukutani kodi?"

"Ndikutulutsa tebulo, Ababa."

"Ndani wakuuza? Lisiye pomwepo. Za dzulo zija zatha, kabokosi kayaka."

"Munanena nokha kuti munthu akadzadandaula m'shopu muno, tebulo lituluka. Munthu wadandaula. Sindifuna kuti mawu anu apite pachabe chifukwa cha ine."

"Sumaiya, sindinakuthamangitse."

"Ndikudziwa, Ababa."

Sumaiya anadikira. Anadikira nthawi yokwanira kuti munthu anene chilichonse chimene chili pamtima, koma chimene chinamveka ndi furiji yokha. Anapita ndi katoni kwa Loyce, n'kubwerera kudzatenga tebulo.

Tebulolo linali la mlombwa, lolemera. Analikoka mpaka pakhomo, mwendo umodzi n'kukodwa pachiundo cha chitseko. Akulimbana nalo, anamva mbali inayo ikunyamuka. Bambo ake anali atagwira, nkhope atayang'ana kumbali.

Anawoloka nalo msewu awiriwiri, minibasi ya ku Lilongwe ikuwaimbira hutala, anthu a kabaza akuonerera. Analiika pakhonde la Loyce. Che Ismail analigwedeza kuti aone ngati lakhazikika, anatola kachigamba n'kukapinda pansi pa mwendo umene unkalendewera. Kenako anaima n'kumayang'ana soketi ya pakhoma, akutsata waya wake ndi maso mpaka kudenga.

"Mayi Loyce," anatero potsiriza, mawu ali pansi. "Mwanayu mumusunge bwino. Amaidziwa ntchito. Dzulo lija si iye analakwa."

Loyce anayang'ana Sumaiya. Sumaiya ankatulutsa masikuludiraiva m'katoni, akuwandanda limodzilimodzi patebulo.

"A Henderson ali kuseri kwa chigayo, Ababa," anatero osadzutsa mutu. "Si patali."

Che Ismail anaima kanthawi. Kuchokera kuchigayo kunkamveka phokoso la anthu olowa mu vidiyo sho. Anasisita makiyi m'thumba, anayang'ana njira ya kuchigayoko, kenako anawoloka msewu kubwerera m'shopu mwawo, momwe munali kasitomala akudikira shuga.