Mano a Piyano

Ophunzira ake ankamutchula kuti Mabuleki, chifukwa pa ntchito yake yophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, liwu limene linkatuluka kwambiri pakamwa pake linali lomwelo. Dzinalo linamutsatira mpaka kunyumba, moti ngakhale amuna ake, amene ankagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, akasangalala ankamuitana nalo.

Tsiku limene banjali linasamukira m'nyumba ya pamwamba, linapeza kuti pabalaza pali kale mwini malo. Inali piyano yakuda, yaitali kulekeza m'chifuwa, itatsamira khoma la pawindo ngati ng'ombe yokhuta. Malo a sofa inadya, a tebulo inadyanso.

"Amayi, nanga chimenechi?" Mabuleki anafunsa eni nyumba, mayi wachikulire amene ankakhala m'nyumba ya pansi.

"Ndi ya malemu amuna anga imeneyo. Inalowa kale, masitepe tisanawachepetse. Amene ankakhala muno anayesa kuitulutsa, inakana. Ikatuluka, kaitayeni. Ikakana, mukhala nayo."

"Imalira?"

"Taiyesani, mwananga."

Mabuleki anatsegula chivundikiro, n'kuona mzere wa mano oyera ndi akuda, ena atachita chikasu, ena atagweramo. Anadina limodzi, zii. Anadina lina, linalira ngati mphaka wopondedwa mchira.

"Ndi mmenenso inkalirira iwo ali moyo," anatero amayiwo, n'kuyamba kutsika masitepe pang'onopang'ono.

Loweruka kunabwera mlamu wake, mng'ono wa amuna ake, amene ntchito yake inali yosamutsa katundu wa anthu pa lole. Anabwera ndi anzake amisinkhu ya zitseko, manja a malaya atapinda kale.

"Alamu, inu pitani mukatereke tiyi," anatero mlamuyo akumenya piyano pamsana. "Madzi asanawire, kameneka kakhala kali pansi."

Madzi anawira, anaphwa, anawathiranso ena. Piyano inatulutsa mutu pakhomo, koma itafika pamene masitepe amakhota inangoti nji, osapita kutsogolo, osabwerera. Amuna a Mabuleki, amene anapita kukagula buledi, anapeza khomo la nyumba yawo latsekedwa ndi chilombocho, ndipo anachita kukwera pamwamba pake chokwawa, buledi ali kukamwa. Dzuwa litapendeka, anyamata aja anaibweza pamalo pake penipeni, thukuta lili kamukamu.

"Chinthuchi chili ndi mizu, alamu," anatero mlamu uja akumwa tiyi wozizira, maso ali pansi.

Motero anayamba kukhala nayo. Sofa anaiika chopingasa, ndipo aliyense wodutsa ankagunda bondo pa ngodya ya piyano. Pamwamba pake panayamba kuunjikana zipewa, maambulera ndi nyuzipepala zakale. Mabuleki, amene ankatha kuimika galimoto pakati pa magalimoto awiri osakhudza ngakhale imodzi, zinkamuwawa kuti chinthu cha matayala anayi chamukanika m'nyumba mwake momwe.

M'mawa wina akukolopa, anagwada kuti afikire kunsi kwake, ndipo anaona zopondera zitatu zachitsulo zitada ndi litsiro. Anapukuta chimodzi ndi kansanza. Chinawala ngati golide. Anakhala pansi n'kuyamba kuseka yekha.

"Bambo, tabwerani mudzaone! Kilachi, buleki ndi mafuta!"

Amuna ake anasuzumira, mswachi uli mkamwa. "Ndiye muiyendetse ituluke."

Koma maganizo a Mabuleki anali atakhotera kwina. Anasisita thabwa la kutsogolo, limene linali ndi maluwa osema, n'kuona kuti pansi pa fumbi ndi utoto wosweka panali mtengo wofiirira, wosalala, umene masiku ano sungaupeze. Ngati yathunthu ikukana kutuluka, ituluka zidutswazidutswa. Nanga ngati zidutswazo n'zokongola chonchi, zitulukirenji?

Anatsika kukatenga bokosi la zida kumbuyo kwa galimoto yake.

Masikuluwu oyamba anavuta, koma atawadontheza mafuta anamvera. Chivundikiro cha pamwamba chinachoka, thabwa la maluwa linachoka, ndipo m'kati munaoneka tinyundo tating'ono tovala nsalu kumutu, titandandalika ngati ana a sukulu pamzere. Kuseri kwake kunali mawaya ambirimbiri okokedwa pa chitsulo chachikulu chonga phiko.

Mlamu uja atamva kuti mdani wake akuphwasulidwa, anathamangira komweko ndi pulayala m'manja.

"Mawayawa ndisiyireni ine, alamu. Ndili nawo chifukwa."

Anadula waya umodzi. Unalira kuti thwaa, n'kukwapula babu la kudenga, magalasi n'kumwazikira pa sofa. Mlamu anapezeka ali kuseri kwa chitseko, amuna a Mabuleki ali pansi pa tebulo la kukhitchini.

"Galimoto siimitsidwa pogunda khoma, alamu," anatero Mabuleki akumulanda pulayala. "Timayamba tachepetsa liwiro."

Anatenga sipanala n'kumamasula waya uliwonse pang'onopang'ono, mpaka onse anafooka. Ntchito imeneyi inamudyera madzulo ambiri akaweruka. Amuna ake poyamba ankangoonerera, kenaka anayamba kumugwirira tochi, kenaka tsiku lina anabwera ndi timabotolo topanda kanthu ta kuntchito kwawo n'kuyamba kusankhula masikuluwu, aatali paokha, aafupi paokha. Asanazindikire, anali atavala malaya akale akupala thabwa ndi sandipepa, akuimba nyimbo yopanda mutu.

Atazula mano a piyano aja, pansi pake anapeza zimene zinagweramo pa zaka zonsezo: chipeso, supuni yaing'ono, mabatani, pensulo yotafunidwa. Mabuleki anapisa dzanja pakona n'kukhudza chinthu cholimba, chozizira. Atachitulutsa anakuwa, n'kuchiponya pa sofa.

Anali mano. Mano enieni oikirira, a m'mwamba, akumwetulira okha.

"Piyano iyi inadya munthu," anatero amuna ake akubwerera m'mbuyo.

Atatha kuseka, Mabuleki anawatsuka, anawakulunga m'kansalu n'kutsika nawo. Pa masitepe anayamba kukayika. Mwina amayi aja akawaona alira. Anagogoda mwaulemu, anakhala pampando umene anamupatsa, n'kufunyulula kansalu kaja mosamala.

Eni nyumba anavala magalasi, anayang'anitsitsa, kenaka anagwira pakamwa. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Mabuleki anati atambasule dzanja kuti awatonthoze, koma anaona kuti amayiwo akuseka, kuseka kotuluka nako misozi.

"Mayo ine, galu wanga! Tinamunamizira galu wosalakwa! Bambowo ankavula mano akafuna kuimba, ati ankawasokoneza mawu. Tsiku lina manowo anasowa. Anakalipa nyumba yonse, ati galu wawakwirira. Galuyo anagona panja mpaka mvula inatha, ndipo iwo anajambulitsa chithunzi cha ukwati wa mwana wathu atatseka pakamwa ngati akwiya ndi mkamwini!"

Analoza chithunzi cha pakhoma. Zoonadi, pakati pa anthu oseka panaima bambo wamtali, milomo ataimanga ngati thumba. Mabuleki anaseka mpaka m'mimba munamupweteka.

Kuyambira tsiku limenelo amayiwo ankakwera masitepe madzulo alionse, kudzakhala pa kampando ka piyano n'kumalamula ntchito. Ndiwo ananena kuti thabwa la maluwa liikidwe kumutu kwa bedi. Ndiwonso anakana utoto woyera umene amuna a Mabuleki anagula.

"Mtengo umenewu mukaupaka laimu ngati chimbudzi? Vanishi basi, mwananga."

Pang'onopang'ono piyano inamwazikira m'nyumba monse. Chivundikiro cha pamwamba chinasanduka shelefu ya makapu kukhitchini. Zopondera zitatu zija anazikhomera pa kathabwa kuseri kwa chitseko: pa kilachi pankapachikidwa chikwama cha Mabuleki, pa buleki jekete la amuna ake, pa mafuta ambulera. Tinyundo tija anatizunguliza galasi lozungulira, ndipo pakhoma tinkaoneka ngati dzuwa likutuluka. Mano oyera ndi akuda anawamata pa thireyi yakale imene inachita dzimbiri, ndipo alendo ankaopa kuikapo kapu poganiza kuti ilira. Bokosi lenilenilo, litapepuka, analikankha ndi dzanja limodzi kupita pakona. M'mimba mwake anaikamo mashelefu a mabuku ndi kababu, ndipo pamene pankakhala mano panasanduka tebulo lolembera.

Chinatsala ndi chitsulo chonga phiko chija. Chimenechi ngakhale mlamu sanayerekeze kuchitchula. Anachiimika chotsamira khoma pafupi ndi windo, anachimangirira bwino kuti chisagwe, Mabuleki n'kuchipukuta mpaka utoto wake wagolide unaonekanso. Pa mawaya amene anawasiya anapanikizapo zithunzi za banja ndi mapegi a zovala, ndipo pansi pake anaika mphika wa duwa loyanga, limene posakhalitsa linayamba kukwera mawayawo.

Ntchito itatha anaitana eni nyumba ndi mlamu kudzamwa tiyi. Sofa inali itapeza malo ake pawindo, ndipo munthu ankatha kuyenda kuchoka pakhomo kufika kukhitchini mawondo ali bwinobwino. Amayi aja anazungulira chipinda chilichonse akukhudza apa ndi apo. Atafika pa galasi la tinyundo anaima nthawi yaitali, akukonza mpango wawo.

"Zaka zonse zija chinthu chimenechi chinkandisowetsa mtendere," anatero. "Lero ndi pamene ndachikonda."

Mabuleki analowa kuchipinda n'kutuluka ndi kashelefu kakang'ono kamene anapanga mobisa ndi thabwa lotsala, kali ndi mano awiri a piyano m'mbali, loyera ndi lakuda.

"Aka n'kanu, amayi. Muikepo chimene mukufuna."

"Ndiikapo chithunzi cha galu," anayankha amayiwo osaganiza n'komwe. "Ndiye woyenera kupepesedwa."

Ali mkati moseka, mlamu anakhosomola, anaika kapu pansi n'kuyamba kukanda m'mutu.

"Alamu, pali kankhani. Dzulo ndimasamutsa anthu ena, ndiye anandisiyira filiji yakufa, ya kalekale, yozungulira mapewa. Ndimati ndikaitaye, koma ndinati mwina muyambe mwaiona. Ili pa lole panjapa."

"Ayi, ayi, ayi," anatero amuna a Mabuleki akuimirira. "M'nyumba muno mwangoyamba kumene kupuma."

Koma Mabuleki anali kale pawindo, khosi atatulutsa kunja. Pa lole panaima filiji yobiriwira, yonenepa, ya chogwirira chonyezimira ngati cha galimoto zakale. Anaiyang'ana kwa kanthawi, mutu ataupendeketsa.

"Alamu, chitseko chake chimatseguka?"

"Bwinobwino."

Amuna ake anapumira m'mwamba, anayang'ana eni nyumba ngati akupempha thandizo, koma amayiwo anali akufunafuna kale ndodo yawo kuti akaione pafupi. Bamboyo anangovula wotchi, anaiika pa shelefu, n'kupita kukasintha malaya.