Mpando wa Pachitseko

Bambo Jabbar sankakwera minibasi popanda kabotolo ka oilo wa makina osokera m'thumba. Ankakhala mpando wa pachitseko, umene anthu amaukana chifukwa wokhalapo amatsika pa siteji iliyonse kuti anzake adutse. Chitseko chikalira ankadonthezera oilo m'njanji yake, n'kuchikankha kawiri, chitsekocho n'kusiya kulira. Madalaivala onse a msewu wa ku Karrada ankawadziwa.

Bomba linaphulika pa siteji Lachiwiri m'mawa. Iwo anali m'gulu la anthu khumi ndi mmodzi amene anafa.

Patatha masiku atatu, tenti ya maliro itachotsedwa mumsewu, mwana wawo wamkazi Rusul ankasita yunifomu yake ya unamwino. Mchimwene wake Sinan anazula chingwe cha nsimbi.

"Ukupita kuti?"

"Kuntchito, mawa. Ndikajomba malo anga apatsa wina."

"Ampatse. M'nyumba muno palibe akwerenso minibasi."

"Ndiye mundigulire bulu, achimwene. Kapena muzindibereka mpaka kutsidya kwa mlatho."

"Usaseke. Ine bambo ndinakawazindikira ndi nsapato zokha, Rusul."

Amayi awo, ovala zakuda, ankangoyang'ana pansi.

Pakhomo panagogoda dalaivala wina wachikulire, Hamudi. Atapepesa maliro, anatulutsa kabotolo kaja.

"Anakaiwala m'galimoto mwanga Lolemba. Ndimati ndiwapatsa kukacha."

"Mwayambanso kuyenda?" anafunsa Sinan.

"Tsiku la bomba lomwelo masana, mwana wanga. Magalasi asanasesedwe n'komwe, anthu anali ataima kale pa siteji. Mayi wina anandikalipira kuti ndachedwa." Anakanda ndevu. "Koma mpando wa pachitseko ukungoyenda wokha. Chitseko nacho chayamba kulira ngati mphaka."

Hamudi atapita, amayi anadzuka, natola chingwe cha nsimbi, n'kuchibwezera pakhoma.

"Amayi..." anatero Sinan.

"Bambo ako anakwera zaka makumi atatu, nkhondo ili mkati. Tsiku lililonse ndinkaima pawindo ili mpaka abwere, koma sindinawabisirepo nsapato. Sita, mwanawe."

Sinan anatuluka panja. Atabwerako anapeza Rusul akupinda yunifomu m'chikwama. Ali pakhomo pomwepo, anati:

"Chabwino. Koma ukakhale kumbuyo kwenikweni."

Rusul anapenda kabotolo kaja pawindo. Oilo anali wotsala theka. Anakakulunga m'kampango, n'kukaika m'thumba lakunja la chikwama, losavuta kupisamo.

"Kumbuyo sindingafikire chitseko," anatero, akutseka zipi.