Valavu Yaulesi

Pa ntchito ya madzi, pampu payokha sivuta. Thanki sivuta, kompyuta nayonso sivuta. Chipwirikiti chimayamba ukati uzilumikize. Imeneyo ndiye ntchito yomwe anamusenzetsa mayi wina, injiniya: kulumikiza makina akale opopa madzi a tauni yonse ndi kompyuta yatsopano.

Amene anakonza dongosolo la makina akalewo anali bambo ake omubereka. Iwo okha ndiwo ankadziwa kuti ichi chimadikira chiti, ndiponso chifukwa chake. Koma sitiroko inali itawagoneka, n'kuwalanda mbali yamanja ndi pakamwa pomwe.

Chomwe chinazunguza mitu ndi valavu, chitseko cha madzi cha mupaipi yaikulu. Ukailamula kuti itseke, inkatseka mokoka miyendo.

"Agogo awa ndi aulesi," anatero mkulu wa a kompyuta, anzake n'kumaseka. "Zathu zonse zikudikira iwowa. Tiwafulumizitse basi."

A mapaipi anati si zawo. A magetsi anati kwawo kulibe vuto. Aliyense, abale inu, maso pa kagawo kake kokha! Woti avomere kapena akane anali injiniya uja, ndipo mtima sunkamupatsa.

Atafika kunyumba anakhala m'mphepete mwa bedi la bambo ake.

"Ababa, valavu ija munaichedwetsa dala?"

"Eya."

Mtima unakhala pansi. Koma anafunsanso. "Kapena yangokalamba?"

"Eya."

Chiyambire matendawo, mawu omwe anawatsalira anali amenewo. Mayiyo anatuluka, n'kukalirira kukhitchini kuti asamuone.

Kuntchito abwana anali atamukhalira pakhosi. "Mayi, tipatseni chifukwa. Ngati palibe, tisachedwetsane." Chifukwa analibe. Anavomera kuti valavu aifulumizitse.

Tsiku loyesa makina onse pamodzi, valavu inatseka kamodzi n'kamodzi. Madzi omwe ankathamanga mupaipi anasowa kolowera, ndipo anamenya chitsulo mpaka nyumba ya mapampu inanjenjemera. Paipi yaikulu inaphulika pansi pa msewu. Pofika masana mipopi ya tauni yonse inali gwa.

Madzulo mayiyo anatunga madzi pa galimoto yogawa madzi, n'kulowa ndi ndowa kuchipinda kuti awasambitse bambo ake. Bambowo anayang'ana ndowayo, kenako anayang'ana mwana wawo. Panalibe chowauza. Munthu amene anayala mapaipi aja anadziwiratu.

Sanamuyang'ane mokwiya, ndipo bola akanatero. Anangotambasula dzanja lamanzere, kugwira dzanja lake lonyowa, n'kuyamba kumupinda zala. Chala chimodzi, n'kudikira. China, n'kudikiranso. Pang'onopang'ono mpaka dzanja lonse linatsekeka.

Valavu ija anaichedwetsadi dala, kuti madzi aziima pang'onopang'ono. Mayiyo anamva chisoni chomwe sanamvepo chibadwire. Yankho bambo ake anali nalo lonse, ndipo akanatha kumuonetsa tsiku lija. Iye anangowafunsa mafunso awiri, n'kuthawira kukhitchini.