Mgula Wothera pa Malire

Mvula itangokata, Roza anatsikira kumunda n'kupeza mizere ina itapita. Chigwembe chimene sabata yatha ankachilumpha ndi dengu pamutu tsopano chinali choti munthu akalowamo angooneka tsitsi. Chimanga chinali chitayamba kumasula, koma cha m'mphepete chinali chitagona m'matope mizu ili m'mwamba. Roza anagwira pakamwa. Munda umenewu ndiwo unkadyetsa ana ake chimwalirireni bambo awo, ndipo wina analibe.

Ali chiimire anamva kulira kwa njinga yamoto. Anali a Vinsenti, alangizi a zaulimi a mbali ino ya Dowa, amene anali atasowa masabata angapo. Anatsika atavala chipewa chatsopano chojambulidwa manja awiri ogwirana.

"Tinayesa mwatisiya, alangizi," anatero Roza atapatsana moni.

"Ndinali ku Lusaka, mayi. Unali msonkhano wa alangizi a m'maiko oyandikana nafe. A ku Zambia, a ku Mozambique, a ku Tanzania, tonse m'chipinda chimodzi. Tagwirizana kuti tizigawana nzeru, chifukwa mbozi kapena madzi sizidziwa malire."

"Zoti madzi sadziwa malire munachita kukazimvera ku Lusaka? Mukanabwera kuno ndikanakuonetsani ulere."

Anawalozera kumtunda. Munda wa Roza unali kumathero kwenikweni kwa Dowa, chakumtunda kwa Nachisaka. Pamwamba pake pankadutsa kanjira ka mbuzi, ndipo kutsidya kwa kanjirako kunali Ntchisi. M'chilimwe chapitacho alangizi a kumeneko, a Lester, anasonkhanitsa alimi awo n'kukumba mgula, mzere waukulu wotchinga madzi, wodutsa m'minda yonse ya m'mbali mwa phiri. Inali ntchito yabwino, palibe angatsutse. Koma zikhomo za a Lester zinathera pa kanjira, pakuti dera lawo linathera pamenepo, ndipo mgula nawonso unathera pomwepo. Madzi onse a phiri ankatsata mgulawo mwaulemu mpaka kumapeto, kenako n'kukhuthukira m'chimanga cha Roza.

A Vinsenti anayang'ana nthawi yaitali, chipewa chili m'manja.

"Vuto ndaliona. Mgulawu unayenera kupitirira mpaka kukhwawa la mbali yathu ino."

"Ndiye kwerani mukawauze anzanuwo."

"Kumeneko si dera langa, mayi. Ndikangokwera, zikhala ngati ndikukawaphunzitsa ntchito. Nkhaniyi iyenera kupita kwa mabwana anga, iwowo alankhule ndi mabwana a kumeneko."

"Ku Lusaka munafika, koma kanjira ka mbuzi aka kakukanikani kudumpha?"

A Vinsenti sanali munthu woipa, ndipo midzi imene ankayendera okha inali yoyenera anthu asanu. Koma munthu akazolowera kuopa mabwana, ngakhale kanjira kamaoneka ngati mtsinje wosefukira. Analonjeza kuti ayesetsa, n'kuliza njinga yawo, chipewa atachipinda m'thumba.

Roza sanadikire. Anakwera yekha, pakuti munda umene mgula unkathera unali wa mlamu wake Debora, mkazi wa achimwene ake a Gregorio, amene anakwatira kumeneko chikamwini. Anawapeza awiriwo akupalira mtedza kumunsi kwa mgula. Mtedzawo unali wobiriwira mochititsa kaso, ndipo Roza atauona mtima unamuwawa, ngakhale ankadziwa kuti mtedza sunalakwe.

"Alamu, munda wanga ukutha," anatero atakhala pamzere. "Ndabwera kudzapempha kuti mugumuleko pang'ono mgulawu, madzi ena azitsikira njira yawo yakale."

Debora anaimika khasu. "Njira yawo yakale ndi ino mwakhalapoyi, alamu. Zaka zonsezi madzi amenewa ankandikokolera mtedza, ine n'kumakolola wosadzaza ndi lichero lomwe. Munabwerapo kudzandipepesa? Chaka chino ndaona mtedza koyamba, ndiye ndigumule ndi manja anga?"

"Nanga ana anga adya chiyani?"

"Funsani alangizi anu. Ife tinachita zimene anatiuza athu."

Zimene ananena Debora zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinapweteka kwambiri. A Gregorio anangoti zyoli, akuchotsa dothi kukhasu ndi chala. Pobwerera anamuperekeza mlongo wawo mpaka pa kanjira.

"Achimwene, mwangokhala chete ngati simunakulire chimanga cha m'munda uja?"

"Mlongo wanga, ine kuno changa ndi khasu lokha. Munda ndi wa eni. Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka."

"Amayi anatisiyira munda wathunthu. Mukadzabwera kudzaona manda awo, mudzapeza chigwembe."

A Gregorio anayang'ana kumbali, ndipo Roza anatsika akulira ndi mkwiyo.

Masiku otsatira anathira mchenga m'matumba a feteleza n'kuwasanja kukamwa kwa chigwembe, anakhomamo nsungwi, anadzalamo ngakhale nthochi. Kuchokera kwa mabwana kunali zii. Tsiku lina dzuwa litangopendeka, mitambo inadetsa phiri lonse la ku Ntchisi, mphepo n'kuyamba kununkha dothi. Roza anathamangira kumunda. Mvula inagwa ngati ikuchita kukhuthulidwa, ndipo posachedwa madzi ofiira anatulukira kumapeto kwa mgula akukokoma. Matumba aja anapita ngati mitsamiro. Nthaka inayamba kugumuka chigamba ndi chigamba, chimanga chikugwera m'madzi chili chiimire. Roza anangoima pamvulapo manja ali kunkhongo, akuonerera chakudya cha ana ake chikupita ku khwawa.

Kenako mkokomo uja unayamba kuchepa. Mvula inali ikukulirakulira, koma madzi a m'chigwembe ankaphwera, mpaka anatsala ongoyenderera pansi. Roza anadabwa n'kukweza maso. Kumtunda, pakati pa mgula, panali munthu atawerama, khasu likukwera ndi kutsika. Pamene anagumulapo, madzi anali atapeza njira yawo yakale, akutsetsereka ofiira pakati pa mtedza wa Debora. Madzi saiwala khwawa.

Roza anawazindikira ndi kaweramidwe kawo kuti anali achimwene ake. Anafuna kufuula kuti aleke, koma mawu sanatuluke, chifukwa mbali ina ya mtima wake inkafuna kuti apitirize. Anakondwa ndipo anachita mantha nthawi imodzi.

M'mawa mwake a Gregorio anafika pakhomo pa Roza atanyamula mphasa, chikwama cha zovala ndi khasu. Anakhala pakhonde osalowa m'nyumba.

"Atsibweni ake a Debora andiuza kuti ndikalime kumene kuli mtima wanga," anatero.

"Nanga ana?"

"Ana ndi a kwa mayi awo. Iwe ukudziwa."

"Mtedza watsalako?"

"Wa m'mbali. Wapakati wonse wapita." Anapukuta kumaso ndi dzanja. "Debora sanandinyoze. Anangokhala pamzere n'kumatola mtedza wozuka, akuuika m'chitenje. Kunyozedwa kukanakhala bwino."

Roza anawapatsa madzi osamba, koma mawu owathokoza anamukanika. Munthu ungathokoze bwanji mbale wako chifukwa chopasula banja lake?

Sabata isanathe, njinga yamoto inaliranso kunjira, ulendo uno itakwera anthu awiri. A Vinsenti anali atasiya kudikira mabwana. Anapita okha kumsika wa ku Ntchisi, n'kufunsafunsa mpaka anawapeza a Lester, munthu amene anagwira naye ntchito moyandikana zaka zambiri osadziwana nkhope. A Lester ataona chigwembe anagwira mutu.

"Ine ndinkayesa kuti kunsi kuno anzathu anakumba wawo wolandira madziwa," anatero.

"Inenso ndinkayesa kuti wanu uli ndi kotulukira kwake," anatero a Vinsenti.

Anatulutsa chingwe ndi zikhomo n'kuyamba kuyeza, wina kutsidya kuno kwa kanjira, wina kutsidya lija, akuitanizana ngati anthu odziwana kalekale. Dzuwa lisanafike pamutu anali atamaliza. Zikhomo zinadutsa pamwamba pa munda wa Roza n'kukathera kukhwawa, mtunda woti anthu ochepa akanaukumba m'mawa umodzi. Roza ataona kufupika kwake anatembenukira kwa a Vinsenti.

"Basi, ndi pomwepa?" anafunsa.

"Ndi pomwepa, mayi," anayankha a Vinsenti motsitsa mawu. "Tikakumba apa n'kutseka paja anagumulapo, madzi sadzavutanso munda wanu kapena wa kumtunda. Nkhani imeneyi ndikaifotokoza ku msonkhano wotsatira, anzathu a maiko ena aphunzirepo."

"Mukafotokoze. Koma mukatchulenso achimwene angawa, amene akugona pakhonde panga."

A Vinsenti anayang'ana a Gregorio, kenako anayang'ana pansi. "Za banja si dera lathu, mayi."

"Ndikudziwa," anatero Roza. "Limenelo ndi dera langa."

A Gregorio anali atayamba kale kukumba pa chikhomo choyamba, atafulatira phiri kuti asaone denga la nyumba imene anamanga ndi manja awo. Roza anapita kunyumba n'kutsitsa thumba la mtedza limene ankasungira mbewu ya chaka chamawa. Anauthira wonse m'dengu osasiyako, n'kusenza.

"Ukupita kuti?" anafunsa a Gregorio atamuona akutulukira kumunda ndi dengu.

"Kwa alamu anga."

"Akakuthamangitsa."

"Akandithamangitsa ndikakhala pabwalo. Mawa ndipitanso."

Anadutsa m'mbali mwa chigwembe, pakati pa chimanga chimene chinapulumuka, n'kufika pa malire. Kanjira kaja anakadumpha ndi phazi limodzi. Kumtunda Debora anali ataima pakhomo akumuyang'ana, ndipo sanalowe m'nyumba.