Kamera ya Duncan ndi Fodya wa Feliya

"Muno muli mdima, mayi. Fodyayu atuluke panja," anatero Duncan ataima pakhomo la shedi, chikwama chakuda chili kumsana.

Feliya anasiya tsamba limene ankaliwongola pabondo. Linali Loweruka, pa 20 Meyi 2023, nthawi itangopitirira 11 koloko. Iye ndi mwamuna wake Yobu anali matenanti ochokera ku Phalombe, ndipo ichi chinali chaka chawo chachiwiri pa esiteti ya a Lemani ku Chulu. Duncan anali mwana wa a Lemaniwo. Ankagwira ntchito ku Lilongwe, koma kawiri pamwezi ankabwera kudzajambula makanema a zaulimi amene ankaika pa tchanelo chake pa intaneti.

"Dzuwa lakula, bwana," anayankha Feliya. "Fodya wa mtundu wa bale sagwiridwa padzuwa. Amauma n'kunyenyeka."

"Mphindi khumi zokha. Getsi langa latha batire, ndiye ndidalira dzuwa lomwelo."

Feliya anayang'ana mwamuna wake. Yobu anayang'ana pansi, kenako anadzuka n'kuvundukula ziguduli zimene zinaphimba mulu wa pakona. Umenewo unali fodya wawo wabwino kuposa yense, wa masamba aatali, ofiirira, opanda banga. Anali ataufewetsa ndi mame a m'mawa kwa masiku atatu, n'kuumanga timitolo tokonzeka kulowa m'belo.

Panja, Duncan anayala nsalu pansi n'kuyamba kutulutsa zida. Yobu atafuna kumuthandiza kuimika miyendo itatu ya kamera, Duncan anamukankha dzanja.

"Musakhudze, a Yobu, manja anu ali ndi utomoni wa fodya. Kamerayi ndi miliyoni imodzi ndi theka. Diso lake lokhali ndinagula padera, 600 sauzande. Kamaikolofoni aka mukukaona kuchepaka, 350 sauzande."

Kanthu kameneko kanali kongafanana ndi bokosi la machesi. Mtengo wake unkaposa ndalama zimene banja lonse la Feliya linalandira chaka chatha, litagwira ntchito miyezi khumi ndi umodzi.

"Nanga zimabweretsa zingati pamwezi?" anafunsa Feliya.

"Sizinayambe kubweretsa. Izi n'zapamtima, mayi. Anzanga amathera ndalama ku mowa, ine ndimagula zida. Kuli ena ku Lilongwe anawononga mamiliyoni asanu, ine ndine wamng'ono."

"Koma ndiye mtima wanu ndi wodula."

Duncan anaseka, poganiza kuti amuyamikira.

Mphindi khumi zija zinakhala ola limodzi ndi mphindi makumi awiri. Duncan analamula kuti fodya amuyale pabwalo kuti azioneka wambiri. Anauza Yobu kuti anyamule timitolo tiwiri, atikweze m'mwamba, atigwedeze, amwetulire. Yobu anamwetulira msanga, anabwereza. Anaphethira, anabwereza. Tambala analira kuseri kwa chigafa, anabwerezanso. Nthawi yonseyi mwera unkaomba kuchokera kumunda, wouma ngati mpweya wa m'ng'anjo yozima.

Feliya ankamva ndi makutu zimene kamera sinkaziona. Masamba anali atayamba kulira ngati pepala. Yobu akagwedeza, tizidutswa tinkagwa n'kuuluka kulowera kumsewu.

Fumbi litakula, Duncan anavula jekete lake n'kufunditsa kamera. Anatulutsa kaburashi n'kuyamba kupukuta diso lija pang'onopang'ono, akuuzira ndi pakamwa. Pobwerera m'mbuyo anaponda timitolo titatu. Sanatembenuke.

"Mwaponda fodya," anatero Feliya.

"Pepani. Komanso mphepoyi yawononga mawu onse, sakumveka. Tibwereze ndi fodya wina, uyu wasiya kuoneka bwino. Tulutsani mulu winawo."

Yobu anayamba kuyenda kulowera kushedi. Feliya anamupitirira n'kukhala pansi pakhomo penipeni, miyendo atatambasula.

"Amake Thoko," ananong'ona Yobu, "phoso timalandira kwa bambo ake. Musatiyambitsire."

"Phoso lake la ndowa ziwiri za chimanga? Abambo ake a Thoko, fodya uyu ndinamuthirira ku nazale ndi ndowa yodontha, mwana ali kumsana. Inu mwamwetulira kasanu ndi kawiri. Mwalandira chiyani?"

"Mayi, ndikukuthandizanitu," anatero Duncan. "Dziko lione mmene mumavutikira."

"Dziko likaona litumiza masamba ena? Kamera yanu mwaiveka jekete. Fodya wanga mwamuveka nsapato."

"Fodya wanu? Mundawu ndi wa bambo anga."

"Akamagula kwa ife amati ndi wathu, n'kumatchula giledi. Lero wasanduka wawo? Chabwino. Tiyeni tikawafunse."

Anadzuka, anatenga tsache, n'kusesera m'thumba zonse zimene zinali pabwalo, nyenyeswa ndi masamba ong'ambika. Thumba linadzaza, lachiwiri linafika pakati. Anasenza lodzazalo n'kulowa njira ya kunyumba kwa a Lemani, mtunda wa makilomita awiri. Duncan sanamutsatire. Anati sangasiye zida pafumbi. Yobu anaima kanthawi, kenako anamanga chitseko cha shedi ndi waya, ananyamula thumba linalo n'kulondola mkazi wake.

Anawapeza a Lemani ali pakhonde, akuyang'anira anthu okonza jeke yopanira mabelo. Anamvetsera nkhani yonse osadula mawu. Anapisa dzanja m'thumba, n'kufinya. Fumbi lofiirira linatuluka pakati pa zala.

Anaitanitsa sikelo. Matumba awiriwo anakwana makilo 23.

"Duncan walakwa," anatero. "Ndimuuza asadzafikenso kushedi ndi zidole zakezo."

"Zikomo, bwana. Nanga giledi?"

"Giledi yake iti? Nyenyeswa ndi nyenyeswa, mayi. Ku okushoni safunsa kuti waphwanya ndani. Ndidzagula pamtengo wa nyenyeswa, ngati wina aliyense."

"Waphwanya ndi mwana wanu."

"Wavundukula ziguduli ndani?"

Anthu a pajeke anasiya kumenya chitsulo.

Feliya anamasula nkhata kumutu, anaikung'untha, n'kuimanga m'chiuno. Mawu ake anatuluka otsika.

"Sindigulitsa, bwana. Mtengo wa nyenyeswa sungani. Matumbawa ndawasiya pano, mumupatse mwana wanu. Akawaike patebulo ku Lilongwe, aziwajambula ndi diso lake la 600 sauzande."

Anatembenuka n'kutsika masitepe. A Lemani anaitana kawiri, koma iye sanacheuke.

Ali m'njira, Yobu anati, "Ndalama ya sopo ija mwaitaya."

"Yataika pabwalo paja. Fodya wotsalayo tizimusankha mbandakucha, dzuwa likakwera chitseko tizimanga. Tikalandira zathu mu Ogasiti, mukafunse mtengo wa lole yobwerera kwathu ku Phalombe."

Yobu anavomera ndi mutu.

Kanema uja anatuluka Lachitatu, pa 24 Meyi. Anali wa mphindi zinayi, ndipo mutu wake unali wakuti "Thukuta la Mlimi". Pofika kumapeto kwa mwezi anali ataonedwa ndi anthu 143.