Atelala Akana Supuni ya Mkazi Wawo

Chiwagonekereni m'chipatala ndi matenda ofa ziwalo, atelala anasiya kudya. Mkazi wawo, amake mapasa, akabwera ndi supuni, iwo ankatseka pakamwa n'kutembenukira kukhoma. Koma akangolowa m'wodimo namwino wina wamtali, bambo yemweyo pakamwa yasa! Chakudya kudya, mankhwala kumwa, mpaka kumwetulira ndi mbali ya nkhope imene inatsala yamoyo.

Amake mapasa mtima unkachita kuwira. Mtsikanayo ankati akafika, ankakoka chinsalu kuzungulira bedi, n'kumalankhula ndi atelala motsitsa mawu.

"Mwamuna ndinam'peza alibe ndi lumo lomwe, lero akusekerera kamwana kobadwa dzulo!" anadandaula kwa mayi wina amene ankadwazika mwana wake pa bedi loyandikana. "Mawa ndikum'tulutsa. Akachirire kunyumba."

"Mukawapha, anzanga. Adokotala aja sanati magazi akuthamangabe kwambiri?"

Amake mapasa anangopotoza mlomo n'kuyamba kulongedza mbale.

M'mawa mwake anamuimitsa namwinoyo pakhomo la wodi, manja ali m'chiuno. "Iwe, kuseri kwa chinsaluko umakambirana chiyani ndi amuna anga?"

Namwinoyo sanakwiye. "Amayi, tiyeni mukamve nokha."

Analowa onse awiri. Namwino anakhala pampando kuti maso ake alingane ndi a wodwala. "Mwadzuka bwanji, atelala? Ndikufuna ndikutembenuzeni kuti msana usachite zilonda. Mwalola?" Anadikira mpaka iwo atagwedeza mutu. Anawatembenuza ali chifundire, uku akuwafunsa chimene chimavuta kusoka pakati pa kolala ndi thumba la jekete.

"Basi zomwezi?" anafunsa amake mapasa.

"Zomwezi. Kusukulu ya unamwino timaziphunzira monga mmene timaphunzirira kubaya jakisoni: kupereka moni, kupempha chilolezo, kubisa thupi la munthu, ndi kulankhula naye mwini wake. Agogo a pakona paja ndimawachitiranso chimodzimodzi, koma palibe wandichitira nsanje."

Apo atelala anakoka chitenje cha mkazi wawo ndi dzanja labwinolo. Lilime linali lolemera, koma mawu anatuluka. "Iwe... umandivundukula... pa anthu."

Amake mapasa anadziwa kuti zinali zoona. Mlendo aliyense akabwera, iwo ankakweza bulangete n'kumati, "Taonani mwendo unafawu. Awa tsopano ndi khanda, zonse n'zochita kuwachitira." Ankanena zimenezi mwini wake ali pomwepo, akumva.

Mbale zija anazitulutsanso m'chikwama.

Masana kunabwera alamu awo, mng'ono wa atelala. Asanakhale n'komwe pansi, dzanja linali kale pa bulangete. Amake mapasa analimenya kuti phwa!

"Alamu, mwendowo uli ndi mwini wake. Apatseni moni kaye."

Kenako anakoka mpando, n'kukhala pafupi. "Bambo a mapasa, mudya tsopano, kapena chizizireko?"

Atelala anawayang'ana nthawi yaitali, n'kutsegula pakamwa. Mbale inatha yonse. Pofika tsiku lotuluka m'chipatala, anali atayamba kugwira okha kapu.

Potsanzikana, amake mapasa anam'gwira dzanja namwino uja. "Zikomo, mwana wanga. Koma kumwetulirako uzichepetsako, amuna a eni ake awa!"

Wodwala sasiya kukhala munthu. Kaya ndinu namwino, kaya wodwazika, m'patseni moni, m'funseni musanam'gwire, ndipo m'fundeni pamaso pa anthu. Ulemu umathandiza kuti mankhwala agwire ntchito.