Kansomba ka m'Chitsime cha Lidia

Amayi a m'mudzi wina wa kwa Dzoole ankakokota tinsomba ndi neti ya udzudzu m'thamanda la kudambo pamene Magdalena anakuwa.

"Bwerani mudzaone malodza kuno!"

M'dzanja mwake munali kansomba kooneka ngati chambo, koma kotalika ngati chala basi, kukhosi kuli kotupa. Atakafinya pang'ono, m'kamwa mwake munatuluka tiana tamoyo, tating'ono ngati mpunga.

"Kamadya ana ake omwe," anatero Magdalena, maso ali pa Lidia, mkazi wa mchimwene wake Aroni. "Ine ndimayesa zili kwa anthu okha."

Palibe anaseka, koma palibenso anamudzudzula. Panali patatha miyezi itatu chimwalirire Ulemu, mwana wa Lidia, yemwe anatsirizikira kumsana kwa mayi ake panjira ya kuchipatala. Lidia anali wachitengwa, kwawo ku Ntchisi, wopanda mbale pamudzipo, ndipo manong'onong'o oti anamudya yekha mwanayo anayamba anthu asanabalalike pamaliro. Chomvetsa chisoni n'chakuti mwini wakeyo nayenso anayamba kudzikayikira. Kodi sanamange mbereko mothinitsa? Akawerama pothirira, ankamvabe tsaya lotentha la mwana pamsana pake.

Tsikulo Lidia anangotola m'netimo kansomba kena kotupa khosi, n'kukaponya m'kheni yothirira, n'kukakathira m'chitsime cha m'dimba mwake momwe madzi ake ankaoneka mpaka pansi.

M'mawa uliwonse ankagwada pamenepo. Akawaza gaga, kansombako sikankadya. Kankangoyendetsa nsagwada ngati nkhalamba yopanda mano, kakuwonda tsiku ndi tsiku. Patapita sabata ndi theka, Lidia anapeza tiana tambirimbiri tikusambira mozungulira mayi wawo. Chithunzithunzi cha Lidia chitagwera pamadzi, kansomba kanayasamula, tiana tonse n'kuthamangira m'kamwa. Patapita kanthawi tinatulukanso, tamoyo.

"Kamawabisa," ananong'ona. "Mayo ine, kamangowabisa!" Analira kulira komwe sanalire ngakhale kumanda.

Madzulo anauza mwamuna wake.

"Ndiye za nsombazo zitithandiza chiyani?" anafunsa Aroni.

"Mukaitane alamu adzaone ndi maso awo. Inunso mudzakhalepo. Miyezi itatu mukumva zomwe akundinenera, simunayankhepo n'kamodzi komwe."

M'mawa mwake anaima atatu pachitsime. Lidia anaweyula dzanja pamwamba pa madzi, tiana tonse tinalowa m'kamwa.

"Si izo! Kameza," anatero Magdalena.

"Dikirani, alamu. Musagwedezeke."

Anadikira, dzuwa likuwawotcha m'makosi. Kenaka kansomba kanatsikira pamchenga, kanatsegula kukamwa, tiana n'kutuluka ngati utsi. Magdalena anayang'anitsitsa nthawi yaitali, n'kudzuka, n'kusasa fumbi pachitenje.

"Chabwino, ndaona. Kansombako kawalavula amoyo. Nanga inu, alamu, wanu uja bwanji simunamulavule?"

Lidia anatembenukira kwa Aroni. Bamboyo anali atanyonyomala, akupala matope kukhasu ndi kamtengo, khasu loti linali loyera kale. Lidia anamudikira monga anadikirira kansomba kaja, mwinanso kupitirira. Aroni sanatsegule pakamwa.

Pamenepo Lidia anaweramiranso pachitsime, anadikira tiana tilowe tonse, n'kukawola kansombako ndi kheni. Anatsika nako kumtsinje, pomwe madzi amadikha m'mabango ndipo neti siifika, n'kukathira pang'onopang'ono.

Kheni anaisiya pamwala, chifukwa inali ya kwa mwamuna. Kunyumba anangotenga mbereko ya Ulemu yokha. Anaimanga kumsana yopanda kanthu, mothinitsa monga anamangira tsiku lija, n'kuyamba kukwera phiri kulowera ku Ntchisi.